Nambala Imodzi pa Msomali

1976

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa palibe chimene ndinachita kupatula kudya ndi kung'amba makabudula. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya za thukuta langa. Ndinalembedwa ntchito m'chaka cha 1976 pa mgodi wa golide uli pakati pa Gweru ndi Zvishavane, pomwe agogo anu anagwirapo atabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu. Dzina la mgodiwo mukulidziwa, koma pano sindililemba, poti ana a anthu ena amene nditchule timakumana nawo kumaliro. Ndinayamba ngati malayisha, munthu wa fosholo wopakira miyala m'ngolo pansi pa nthaka. Kapitawo wanga woyamba anali mkulu wina wamfupi wa ku Tete, wodziwa kutukwana m'Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi, kuyambira potsika mpaka potuluka osabwereza mawu. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndinachisunga, chakuti pansi munthu sachoka pamalo osauza mnzake. Zina zimene ankanena si zoti bambo n'kulembera ana ake.

Ndinapakira miyala zaka khumi ndi ziwiri. Mkati mwa zakazo ndinakwatira amayi anu, Nachisale, ndipo kampani inatipatsa nyumba ya zipinda zitatu mu komboni, ija munabadwiramo nonse. Za nyumbayi mumvetse bwino, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo. Anzathu a mbali zino akachotsedwa ntchito ankakweza katundu pa basi n'kupita kumusha, ku Gokwe kapena ku Mberengwa, kukalima. Ife Mabhurandaya, monga ankatitchulira ife a makolo a ku Malawi, kumudzi kwathu kunali nyumba ya kampani. Ku Ntcheu ndinangokumva m'kamwa mwa bambo anga. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo kuseri kwake kunalibe koti n'kuloza chala.

1988

Chaka chimenechi ngolo inachoka pa njanji n'kundiphwanya bondo lamanzere. Nditatuluka m'chipatala ndikutsimphina, mabwana anandiika m'nyumba ya nyali. Poyamba ndinaona ngati andinyoza, mwamuna wamphamvu zake kumakhalira kupukuta timagalasi. Patapita miyezi ndinazindikira kuti ntchito yeniyeni sinali nyali ayi, inali bolodi.

Ndifotokoze kagwiridwe kake, poti mwa inu palibe amene anatsikapo. Munthu aliyense wa pansi anali ndi kachitsulo kozungulira kodindidwa nambala yake, ndipo ife tinkangoti nambala. Akabwera m'mawa ankandipatsa nambalayo, ine n'kumupatsa nyali ya pachipewa ndi batire yake. Nambalayo ndinkaikoleka pa msomali pa bolodi lalikulu limene linali kukhoma. Akatuluka ankabweza nyali, ine n'kumubwezera nambala. Ndiye bolodi ndilo linkanena amene ali pansi. Masana shifiti ikatuluka, wophulitsa miyala ankabwera pawindo kudzafunsa ngati bolodi layera. Likayera ndinkasaina pepala, iye n'kukaphulitsa. Pakatsala nambala ngakhale imodzi, kuphulitsa kunalibe mpaka mwini wake aoneke ndi maso. Lamulo limeneli silinkasankha bwana kapena malayisha. Ndinaonapo injiniya wachizungu akuthamanga kuchokera kunyumba kwake thaulo lili m'khosi, kudzabweza nyali imene anaiwala, mgodi wonse ukumudikira.

Wophulitsa wathu anali Che Yusufu, Msilamu wa makolo a ku Mangochi, munthu wosakonda zolankhulalankhula, wochita zonse mwadongosolo lake. Masana ankayala kamkeka pakona ya nyumba ya nyali n'kupemphera, poti pamgodi ponse mmenemo ndi mmene munali mosesedwa bwino. Tinazolowerana choncho.

Za chikhulupiriro changa masiku amenewo ndinene zoona. Ndinali Mkhristu wa jekete. Lamlungu ndinkavala, kupita, kuimba besi, kubwerako. Bambo anga atamwalira anandisiyira Baibulo lawo la Chichewa, lachikuto chakuda chosokedwa ndi ulusi wa nsapato. Ndinaliika m'sutikesi pamodzi ndi zitupa ndi kalata ya ukwati, ndipo linagona mmenemo zaka zoposa khumi. Mphemvu zinkalidziwa bwino kuposa ine.

2006

Zaka za mavuto munaziona nokha, ndiye za mizere ya buledi ndi ufa sindibwereza. Ndinena za pamgodi. Mabatire atsopano anasiya kubwera, ndipo ndinkaphwasula nyali ziwiri zakufa kuti ndipange imodzi yoyaka. Magetsi ankabwera pamene afunira n'kuchoka osatsanzika. Apa ndi pamene panali vuto lalikulu, chifukwa ukaphulitsa pansi pamafunika makina a mphepo otulutsa utsi. Magetsi akathima usanaphulitse, tsikulo lapita pachabe, mawa lake malayisha alibe chopakira, chigayo cha miyala chilibe chogaya. Choncho masana aliwonse tinkathamangitsana ndi magetsi.

Malipiro anali oti ukalandira m'mawa, madzulo sagula sopo. Anthu anayamba kuthawa, ena ku Joni, ena ku Botswana, ambiri kukakhala makorokoza, okumba golide paokha m'mitsinje ndi m'maenje akale. Kwa makorokoza nyali ya pamgodi inali chuma. Tsono mgodi wathu unali ndi khomo lakale m'mbali mwa phiri, loti munthu ankatha kutulukirapo wapansi osadzera pa kheji, chikepe chotsitsa ndi kukweza anthu. Munthu ankatsika m'mawa bwinobwino, masana n'kuzembera pa khomo lija ndi nyali, nambala yake n'kutsala pa msomali.

Woyamba atachita zimenezi tinaimitsa zonse, anthu anatsika kukamufuna mpaka dzuwa kulowa, mkazi wake akulira pa geti. Patatha masiku atatu anamuona akumwa mowa ku Shurugwi. Wachiwiri tinamufuna maola awiri. Pa wachitatu, Bwana Sibanda, amene anali mkulu wa shifiti, anabwera pawindo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mbewe, uyu wathawa, tonse tikudziwa. Chotsa nambala, magetsi apita." Ndinachotsa. Sindinganame kuti anandigwira pakhosi. Ndinaiponya m'chitini cha jamu pansi pa tebulo, n'kusaina kuti bolodi layera. Che Yusufu anaona pepala, chitini sanachione, anakaphulitsa. Munthuyo analidi atathawa. Wachinayi chimodzimodzi, wachisanu chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa chaka Bwana Sibanda sankavutikanso kubwera pawindo, ankangokweza dzanja ali patali, ine n'kudziwa chochita. Bwana ameneyu musamuyese chilombo. Nayenso anali ndi omukalipira pamwamba pake, anali ndi ana asanu, ndipo nsapato zake zinali zong'ambika ngati zanga.

Baibulo ndinalitulutsa m'sutikesi chaka chomwecho, ndipo chimene chinanditulutsitsa si kukonda Mulungu ayi, koma manyazi. Abusa athu ankachokera ku Gweru, ndipo mafuta atasowa ankatha miyezi iwiri osaoneka. Akulu a mpingo anati tizisinthana kuwerenga mawu. Achinyamata ankati Chichewa cholembedwa chimawapweteketsa mutu, iwo Chishona basi, ndiye chala chinaloza ine. Lamlungu limenelo ndinaima kutsogolo n'kuyamba kupunthwa m'mawu ngati woledzera m'mizere ya mbatata. Amayi ena a kumbuyo ankandiuza mawu otsatira, iwo alibe buku m'manja. Pobwerera, titafika pa mpopi wa madzi, amayi anu anati, "Bambo a Esinati, besi mumaitha. Kuwerengaku musiyireni wina, apo ayi muphunzire." Amayi anu mukuwadziwa, sapsatira mawu.

Lolemba ndinapita nalo kuntchito. M'nyumba ya nyali, anthu akatsika, mumakhala bata kuyambira cha m'ma eyiti mpaka masana. Ndinayamba pa tsamba loyamba, kuwerenga mokweza, chala pa mzere, cholinga changa kungofewetsa lilime. Mlongo wanga anandipatsanso kabuku ka mawu a tsiku ndi tsiku, kopanda chikuto, ka chaka china chakale. Masiku ake sankagwirizana ndi athu koma ndinkawerengabe. Kumunsi kwa tsamba lililonse kunali funso lofuna kuti munthu adziyang'ane yekha, ndipo mafunsowo ndinkawadumpha. Che Yusufu akabwera ndi kamkeka kake ankati, "Achimwene, buku limeneli simulimaliza?" Ine ndinkati, "Nanga inu mwagwada zaka zingati, mwamaliza?" Tinkaseka, aliyense n'kupitiriza zake.

2007

Sindingatchule tsiku limene kuwerengako kunachoka pa lilime n'kulowa mkati. Zinabwera pang'onopang'ono. Ndinapeza kuti anthu a m'bukumo sanali oyera monga ndinkawaganizira ndili pa benchi la tchalitchi. Anali anthu anjala, amantha, okhala m'dziko la eni, ena onama kuti apulumuke. Ndinawakonda chifukwa cha zimenezo. Masalimo ena ndinkawawerenga kawiri, poti wolembayo ankadandaula kwa Mulungu mosabisa, monga ine ndinkafunira koma ndinkaopa. Ndinayamba kupemphera ndi mawu angaanga, osati oloweza. Ndinachepetsanso kukukalipirani pa zinthu zazing'ono, ngakhale ndikudziwa kuti Esinati akawerenga apa atsutsa.

Koma zonsezi zinali zotsekemera, ndipo chitini chija chinali pansi pa tebulo lomwelo limene ndinkaikapo Baibulo, ine osaonapo chovuta. Mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, ndinafika pa Ezekieli, pamene akunena za mlonda wa mudzi. Mawuwo mukawerenge nokha, ine ndingonena mmene ndinawamvera. Mlonda akaona choopsa chikubwera n'kuliza lipenga, amene sanamvere zake zimenezo. Koma akakhala chete, munthu n'kufa, magazi a munthuyo adzafunsidwa kwa mlondayo. Ndinawerenga, ndinabwereza. Nditakweza maso, kutsogolo kwanga kunali bolodi, nambala za shifiti yonse zikulendewera. Ndinakoka chitini n'kukhuthulira pa tebulo. Munali nambala zisanu ndi zinayi. Eni ake asanu ndi atatu ndinali nditamva kumene ali. Mmodzi, wa ku Chipinge, wosakwatira, wopanda mbale pakomboni, palibe amene anamuonapo chichokere tsiku lija. Mwina ali ku Joni, wanenepa, akuyendetsa galimoto. Mwina ayi. Mpaka lero sindidziwa, ndipo palibe sabata imene imatha osamuganizira.

Madzulo ake ndinauza amayi anu zonse, tili kuseri kwa nyumba iwo akuthirira repu. Anaika ndowa pansi. "Ndiye mukufuna kutani?" Ndinati sindidzachotsanso nambala. Iwo anati, "Mukudziwa kuti nyumbayi si yathu." Ndinati ndikudziwa. "Mukudziwa kuti ana awiri akadali pasukulu." Ndinati ndikudziwa. "Ine ndinati muphunzire kuwerenga, sindinati mutigonetse panja." Anatola ndowa n'kupitiriza kuthirira. Atafika kumapeto kwa dimba anati, osacheuka, "Komabe mukanakhala inu pansipo, ndikanafuna wa pawindoyo akhale wouma mutu."

Miyezi yotsatira bolodi linkayera lokha tsiku ndi tsiku. Kaya chinali chifundo cha Mulungu, kaya ankandipatsa nthawi yoti ndiope bwinobwino, sindidziwa. M'mawa uliwonse ndinkapemphera kuti tsikulo lidutse osandiyesa.

2008

Linali Lachinayi, mwezi wa Febuluwale. Shifiti inatuluka, nyali zinabwerera, ndipo pa bolodi panatsala nambala imodzi, ya Fanuel Phiri. Fanuel anali bambo wa ana atatu, mdzukulu wa anthu a ku Dedza, wobowola miyala waluso koma wapakamwa. Chichewa ankachimva koma ankayankha m'Chishona, ndipo ine ankanditcha sekuru, ndiye kuti agogo. Sabata yonse ankalankhula poyera kuti kumtsinje anthu akutola golide ngati mtedza. Mukanandifunsa maganizo anga, ndikanati wathawa.

Bwana Sibanda anakweza dzanja ali pa kheji. Ine ndinayang'ana kumbali. Anabwera pawindo.

"Mbewe, sunandione?"

"Ndakuonani, bwana. Fanuel sanatuluke."

"Fanuel ali kumtsinje, funsa aliyense. Chotsa, magetsi atsala ola limodzi."

"Alipo amene wamuona akutuluka?"

Anaitana anthu a gulu lake. Wina anati anamuona cha m'ma leveni akupita kukamwa madzi. Wina anati ankadandaula mutu. Womuona akutuluka panalibe.

"Sindichotsa, bwana," ndinatero. Musaganize kuti ndinaima ngati mkango.

"Kale lija unkachotsa. Lero chasintha n'chiyani?"

"Ndinkalakwa, bwana."

"Ndiye ukunena kuti ine ndinkalakwa."

"Ndanena za ine."

Bwana anatsitsa mawu, ndipo apa ndi pamene panawawa, chifukwa sanakalipe. "Mudhara, mkulu wanga, tamvera. Sabata ino taphulitsa kawiri kokha. Tikalephera lero, Lolemba ofesi itumiza anthu kunyumba. Anthu amenewa ali ndi ana. Ukufuna avutike chifukwa cha wakuba mmodzi? Nanga iweyo akakuchotsa pano upita kuti? Ku Malawi ukudziwako ndani?"

Funso limenelo linandilasa, poti yankho lake ankalidziwa. Ndinayang'ana msomali uja. Kuchotsa nambala ndi ntchito ya zala ziwiri. Ndinaganiza za inu, za zipinda zitatu, za anthu otumizidwa kunyumba aja, amene za iwo bwana mwina ankanena zoona. Mumtima ndinati, Ambuye, munandiwerengetsa nokha, ndiye musandisiye pano. Sindinamve liwu lililonse. Ndinangopeza kuti dzanja langa silikukwera.

Bwana Sibanda analowa yekha, anachotsa nambala pa msomali n'kuiika m'thumba, anatenga pepala n'kusaina dzina lake. Apo n'kuti Che Yusufu ataima pakhomo, atamva zonse. Analandira pepalalo, analiyang'ana, analibweza. "Bwana, zaka zonsezi ine ndimaphulitsa ndikaona dzina la a Mbewe. Dzina ili ndi labwino, koma si la wa bolodi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ndamva akuti kale munkachotsa. Mapepala amene munkandipatsa aja?" Ndinati inde, asanu ndi anayi. Anandiyang'ana ngati sanandionepo, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa zonse za tsikulo. Anatenga nyali pa shelefu n'kundipatsa nambala yake. "Kolekani. Ndikukamufuna."

Anatsika anthu asanu ndi mmodzi. Anayenda levulo iliyonse, gawo ndi gawo la pansi, akuitana, akuunika m'maenje ndi m'makona momwe mpweya woipa umagwetsa munthu. Magetsi anathima ali pansi, ndipo anabwerera pa makwerero. Anatuluka dzuwa litapendeka, matope mpaka m'chiuno. Fanuel kunalibe. Pa khomo lakale lija anapeza mapazi a jombo atsopano m'matope, olunjika kunja. Bwana Sibanda anali atanena zoona.

Lolemba ofesi inatumizadi anthu khumi ndi awiri kunyumba kwa mwezi wathunthu. Ine sanandichotse, chifukwa pa pepala lamulo linali kumbali yanga, ndiponso sankafuna nkhani ya chitini ifike patali. Anangoti nyumba ya nyali ikufunika munthu wamiyendo yabwino. Anandipatsa tsache kuti ndizisesa bwalo la pakati pa nyumba ya nyali ndi kheji. Giredi inatsika, ndipo nyumba ya zipinda zitatu inkayendera giredi. Tinasamukira ku zipinda ziwiri za kumunsi kwa komboni, pafupi ndi zimbudzi. Mukukumbukira mmene munanyamulira mabedi pamutu anthu akuonerera. Amayi anu anasiya dimba lawo masamba atangoyamba kukoma, ndipo sananditchulirepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Pamgodi anayamba kunditcha abusa. "Abusa, nkhosa yanu yotayika ija mwaipeza?" Mkazi wa mmodzi wa oimitsidwa aja analavula pansi nditadutsa pakhomo pake, ndipo sindinamuimbe mlandu, poti ana ake ndiwo anagona ndi njala, osati Fanuel.

Ndinakwiyira Mulungu, ndipo ndikulemba poyera kuti mudziwe kuti zimachitika. Ndinkayembekezera kuti Fanuel amupeza atakomoka pakona ina, amutulutsa wamoyo, onse adziwe kuti Mbewe ndi munthu wa Mulungu. Taonani mtima wa munthu, ndinkafuna mnzanga apezeke atavulala kuti ine ndioneke wolungama. Masabata atatu Baibulo sindinalitsegule. Tsiku limene ndinalitsegula, nditakhala pa ngolo yakutha nthawi yopuma, ndinabwerera pa mlonda uja kukafufuza pamene anandinamiza. Ndinawerenga mzere ndi mzere. Palibe pamene mlondayo analonjezedwa kuti adzamuthokoza, kapena kuti nyumba yake sadzamulanda. Anangouzidwa kuti asakhale chete. Zinazo ndinawonjezera ndekha. Ndinapempha chikhululukiro, cha mtima wanga wa tsikulo ndi cha nambala zisanu ndi zinayi zija. Ndinapitanso kwa Che Yusufu kukapepesa, poti ndinagwiritsa dzanja lake pa zinthu zimene sankazidziwa. Anandilandira, koma patapita nthawi, osati tsiku lomwelo.

M'nyumba ya nyali anaikamo bambo wina wa ku Gweru, wofatsa, wamantha monga ndinalili ine. Sindinena kuti ankachotsa nambala, chifukwa sindinaone. Koma anthu a pansi si opusa. Nkhani ya chitini inali itamveka, ndipo paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense anayamba kuganiza payekha kuti tsiku lina nambala yotsalayo ingakhale yake, iye atathyoka mwendo pakona ya mdima, wosakhoza kufika pa kheji.

Fanuel anabwerera mwezi wa Meyi, ataonda, maso atalowa mkati. Golide sanamupeze, nyali anagulitsa kuti adye. Obowola aluso anali atatha, ndiye anamulembanso. M'mawa wake woyamba ndinkasesa pafupi ndi kheji, mzere wa anthu ukudutsa. Ndinaweramitsa mutu, sindinkafuna kumuona. Jombo zake zinaima patsogolo pa tsache langa.

"Sekuru," anatero, ndipo anayesa Chichewa chake chokhotakhota. "Ndamva kuti munataya nyumba chifukwa cha ine."

"Pita, kheji ikudikira."

"Munkadziwa kuti ndathawa?"

"Ndinkaganiza choncho."

"Nanga bwanji?"

"Sindinakuone ukutuluka."

Anaima pang'ono akusisita lamba wa batire. Kenaka anati, "Ndikutsika tsopano, sekuru. Mwandiona?" Ndinati ndamuona.

Wa kumbuyo kwake, mmodzi wa aja ankandifunsa za nkhosa, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Neniwo, mudhara, nanenso. Levulo yachinayi." Wotsatira anatchula dzina lake. Ena anadutsa chete, koma masana potuluka ambiri anadzera pamene ndinali, kungoti, "Tabuda, tatuluka," n'kumapita. Palibe amene anawauza kuti azitero. Zinapitirira choncho mpaka ndinapuma ntchito mu 2011 n'kubwera kuno ku Maglas, ku Zvishavane, kwa Esinati. Zaka zitatu zimenezo ndinali wosesa pabwalo, wopanda windo, wopanda pepala loti n'kusaina, ndipo masana aliwonse sindinkapita kunyumba mpaka womaliza atandiuza kuti watuluka.